Njere, anyezi, nthambi kapena mtengo: kusankha maluwa a chilimwe pakhomo ku Thyolo ndi ku Mulanje

Aliyense amene anakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje kapena m'zitunda za ku Thyolo amadziwa kuti chiperoni chikangoleka, chakumapeto kwa Ogasiti, dziko silichedwa kusintha nkhope. Mango amakhala atachita kale maluwa, mapeyala nawo ali mkati, mitengo ya m'thengo imatulutsa masamba anthete ofiirira mvula isanagwe ndi dontho lomwe, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala jakaranda wa m'mbali mwa misewu amakhala atavala pepo kuyambira kunsonga mpaka kunthambi za m'munsi. Kuchokera pamenepo kufikira masabata oyamba a dzinja, mu Disembala, khomo likhoza kukongola kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, koma likhozanso kusanduka fumbi lokhalokha, ndipo kusiyana kwa makomo awiri oyandikana kawirikawiri kumachokera pa chimene eni ake anasankha kubzala miyezi ingapo m'mbuyomo.

Ambiri a ife timayamba ndi kapaketi ka njere kogula m'sitolo, chifukwa chithunzi cha pamwamba pake chimakopa maso. Vuto ndi lakuti malangizo a pa mapaketi ambiri analembedwera anthu a kumayiko ozizira, kumene mdani wamkulu wa duwa ndi chisanu choumitsa madzi, ndipo mphukira zawo zimatuluka m'dothi lonyowa kale. Kuno kwathu mphukira zimatuluka dothi lili louma gwa, zitsime zikuphwa, mzere wa zidebe pamjigo ukutalika tsiku ndi tsiku. Choncho munthu wofuna maluwa a chilimwe ayambe wadzifunsa kuti adzatunga madzi ake mu Okutobala ndi ndani, ndipo adzawatunga kuti. Akayankha limenelo adzifunsenso ngati malo amene akukhalapo ndi ake kapena ndi a lendi. Njira zonse zimene ndifotokoze pano ndaziyeza ndi mafunso awiriwa.

Maboma awiriwa si amodzi pa nkhani ya nyengo, ndipo ngakhale m'boma limodzi muli kusiyana kwakukulu. Ku Bvumbwe, kumene kuli pamwamba kupitirira mamita 1,000, usiku kumakhalabe kozizirira ngakhale mu Okutobala, ndipo ku Makwasa ndi madera ena a tiyi nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa. Kumwera kwa phiri la Mulanje, kulowera ku Limbuli ndi ku Muloza, mvula imagwa yambiri ndipo mitsinje yotsika m'phiri monga Ruo ndi Lichenya imasunga madzi chaka chonse. Koma ku Luchenza ndi m'chigwa cha Thuchila dzuwa la Okutobala limawotcha mosanyengerera, ndipo duwa limene limasangalala ku Bvumbwe likhoza kupserera kumeneko m'sabata imodzi. Musanatsanzire khomo la wina, yang'anani kaye ngati dzuwa ndi dothi lake zikufanana ndi zanu.

Njira yofesa njere ndi yachangu kuposa zonse, ndipo ndi yokhayo imene imapatsa munthu maluwa m'chaka chomwecho popanda kupempha kanthu kwa wina. Marigold amayamba kuchita maluwa patatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni, zinnia ndi cosmos amatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo mpendadzuwa amatenga miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Amenewa ndi maluwa okonda kutentha, oyenera kufesedwa mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala ngati mukufuna kuwaona mvula isanayambe. Pali gulu linanso, la petunia, pansy, snapdragon ndi nasturtium, limene limakonda kuzizira. Amenewa amafesedwa mu Epulo kapena mu Meyi, amakongola kuyambira mu Julayi mpaka mu Seputembala, kenaka amafota kutentha kukafika pachimake. Anthu ambiri amalakwitsa posakaniza magulu awiriwa, n'kufesa pansy mu Seputembala, ndipo akapanda kukula amadandaula kuti anagula njere zakufa.

Mtengo weniweni wa njira imeneyi suli pa paketi ayi, uli pa madzi. Mizu ya maluwa a njere imayenda pamwamba, ndipo mu Okutobala bedi lotalika mamita 3 ndi mita imodzi m'lifupi limafuna madzi pafupifupi malita 15 tsiku lililonse, kutanthauza magawo atatu mwa anayi a ndowa ya malita 20. Pa miyezi itatu ya chilimwe ndi ndowa pafupifupi 70, pa kabedi kamodzi kokha. Kwa munthu wokhala pafupi ndi dimba, kapena amene madzi a m'mipope yochokera m'phiri amafika pakhomo pake mosadukizadukiza, zimenezi n'zotheka. Kwa mayi amene amasenza madzi pamutu kuchokera ku mjigo, pomwe ana akudikira madzi osamba ndi ophikira, bedi la maluwa limasanduka katundu wina pamwamba pa akatundu amene ali nawo kale. Onjezani nkhuku zimene zimapalasa nazale, nkhono zimene zimadya mbande usiku, ndi nguwi yoyera imene imagwira masamba a zinnia kumalo a nkhungu, mudzaona chifukwa chake ndikunena kuti maluwa a njere akhale ochepa, a pafupi ndi khonde, pamene madzi otsukira ndiwo angathe kufika mosavuta. Mwa onsewa marigold ndi amene ndimamuteteza kwambiri, chifukwa amapirira, njere zake zimasungika mosavuta, ndipo mizu yake imachepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu ya tomato, kotero kuti sadya malo pachabe akabzalidwa m'mphepete mwa ndiwo zamasamba. Posunga njere dziwani kuti za m'paketi yolembedwa F1 sizibereka maluwa ofanana ndi kholo lawo mukazifesanso chaka chamawa.

Njira ya maluwa okhala ndi anyezi kapena mizu yotupa pansi ndi yosiyana kwambiri, ndipo ndi imene imagwirizana ndi chilimwe chathu mwachibadwa. Mbewu zimenezi zimasunga chakudya ndi madzi pansi pa nthaka, monga momwe chinangwa ndi koko zimachitira, kenaka zimagwiritsa ntchito nkhokwe imeneyo kutulutsa duwa pa nthawi imene mbewu zina zonse zikuvutika. Amaryllis ndiye chitsanzo chabwino. Mu Seputembala kapena mu Okutobala phesi lake limatuluka m'dothi louma, nthawi zambiri masamba asanaoneke, ndipo pamwamba pake pamatseguka maluwa awiri, atatu kapena anayi, aakulu ngati chikhatho, ofiira kapena oyera a mizere. Agapanthus, amene kwawo ndi ku South Africa, amatsatira mu Novembala ndi mu Disembala ndi mipira ya maluwa a buluu kapena oyera pa mapesi ataliatali, ndipo mizu yake yonenepa imaluka dothi mwamphamvu, chinthu chofunika kwambiri pa makomo otsetsereka a ku Thyolo amene amakokoloka mvula ikagwa yamkuntho. Canna ndi arum lily amakonda chinyezi, choncho malo awo ndi kumene kumathera ngalande ya madzi a kubafa kapena pafupi ndi mpopi.

Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti sifuna ndalama, imafuna ubale. Maluwa amenewa amaberekana pansi monga ana a nthochi, ndipo pakatha zaka zinayi kapena zisanu tsinde limapanikizana mpaka mwini wake amafunika kuligawa, afune asafune. Amaryllis wanga woyamba ndinapatsidwa ndi azakhali anga a ku Thyolo, anyezi asanu okulungidwa m'tsamba la nthochi. Ndinawakwirira mozama ngati mbatatesi, n'kumawathirira tsiku ndi tsiku nyengo yonse yozizira, ndipo zaka ziwiri zinatha ndikungoona masamba. Azakhaliwo atabwera kudzacheza anafukula mmodzi ndi chala, n'kundiuza kuti, "Mwanawe, khosi lake lizioneka kunja, ndipo masamba akauma musiye agone. Ukamamudzutsa ndi madzi alibe chifukwa chochitira maluwa." Kuchokera pamenepo ndimaleka kuthirira mu Meyi, ndimayambanso pang'onopang'ono kumapeto kwa Ogasiti, ndipo chaka sichinadutsepo osandipatsa maluwa.

Kuipa kwake kulipo, ndipo sindikubisa. Maluwa a anyezi sakhalitsa: amaryllis amatha m'masabata awiri kapena atatu, ndipo miyezi yotsalayo mumangoona masamba kapena dothi. Pali mbozi yakuda ya madontho achikasu imene imaboola masamba a amaryllis ndi agapanthus n'kutsikira mpaka mu anyezi momwe, ndipo njira yodalirika yothana nayo ndiyo kuyendera masamba kawirikawiri mvula ikayamba, n'kudula tsamba lililonse limene laonetsa njira yake. Chachikulu kuposa zonsezi ndi chiphe. Anyezi wa amaryllis amafanana ndi anyezi wa ndiwo, masamba a arum lily amafanana ndi a koko, koma amaryllis ndi arum lily n'zosadyedwa. Flame lily, duwa loyanga lofiira ndi lachikasu limene limamera lokha m'thengo mvula ikakhazikika, lomwenso ndi duwa la fuko la Zimbabwe, lili ndi muzu wofanana ndi kambatata umene ukhoza kupha munthu. Fireball lily, amene amatuluka ngati mpira wamoto mvula yoyamba ikangogwa, nayenso ndi wachiphe. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, mbewu zoterezi zisabzalidwe m'dimba la ndiwo, ndipo anyezi ake asasungidwe m'khitchini ngakhale tsiku limodzi.

Pano ndinene mawu amodzi okhudza phiri. Okwera ku Chambe, ku Lichenya kapena kulowera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, amaona maluwa amene kunsi kuno kulibe, ndipo mtima umafuna kuzula limodzi n'kubwera nalo kunyumba. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo kuzula mbewu kumeneko popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo. Kuwonjezera apo, mbewu yozolowera nkhungu ndi kuzizira kwa pamwamba pa mamita 2,000 imafa ikatsitsidwa ku Chitakale kapena ku Likhubula, kotero kuti wozulayo amasiya dzenje kuphiri popanda kupindula kanthu kunyumba. Taona kale momwe mkungudza wathera m'phirimo m'maso mwathu, ndipo sindikufuna kuti kukonda maluwa kukhale njira ina yolivulira.

Njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse, kwa munthu amene malo ndi ake, ndi yobzala zitsamba ndi maluwa oyanga kuchokera ku nthambi. Luso lake si lachilendo kwa mlimi aliyense amene anabzalapo chinangwa. Mumadula nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, mumachotsa masamba a m'munsi, n'kuizika m'chubu cha dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, pamthunzi. Hibiscus amagwira mizu patatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo ndi wosavuta kotero kuti mwana wa sukulu akhoza kuyamba naye. Bougainvillea amavuta pang'ono ndipo amachedwerapo, choncho zikani nthambi khumi ngati mukufuna mbande zitatu kapena zinayi. Frangipani ali ndi lamulo lake: nthambi yake iyambe yaumikidwa pamthunzi kwa sabata imodzi kapena awiri kuti bala lake lipole, chifukwa ikabzalidwa utomoni ukadali kutuluka imaola. Utomoni womwewo umayabwa ndipo usafike m'maso.

Chimene chimapambanitsa njira imeneyi ndi mizu. Chitsamba chobzalidwa pamalo ake mu Disembala chimamwa mvula yonse ya dzinja, chimafuna kuthiriridwa mwa apo ndi apo m'chilimwe choyamba, ndipo kuyambira chaka chachiwiri mizu yake imakhala itafika kumene chinyezi sichithera. Bougainvillea amachita kukonda ludzu. Chimene timachitcha maluwa ake, zofiira, zapepo, zoyera kapena zaolenji zija, kwenikweni ndi timasamba tamtundu tozungulira kaduwa kakang'ono koyera, ndipo timachuluka kwambiri mbewuyo ikakhala pa dzuwa lathunthu ndi dothi louma. Mukamupatsa madzi ambiri ndi feteleza wa Urea adzakubwezerani masamba obiriwira ndi minga basi. N'chifukwa chake amaoneka bwino kwambiri ku Luchenza kuposa kumadera a nkhungu, ndipo minga yake imamuchititsa kukhala mpanda umene mbuzi ngakhale munthu sadutsa mwachisawawa. Petrea, woyanga wa masamba okhakhala, amagwetsa ngala za maluwa a pepo mu Seputembala ndi mu Okutobala. Brunfelsia amachita maluwa nthawi yomweyo, ndipo duwa lake limatseguka lili lapepo, mawa lake limatumbuluka, mkuja limayera, kotero kuti chitsamba chimodzi chimaoneka ndi mitundu itatu nthawi imodzi, uku chikununkhira madzulo. Zipatso zake ndi zachiphe, makamaka kwa agalu.

Anthu a kumadera a tiyi ali ndi mwayi umene ambiri sauzindikira. Tiyi, amene anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, amakonda dothi la asidi wambiri, ndipo katondo wofiira wa madera amenewa ndi wotero. Dothi lomwelo ndi limene azalea, camellia ndi hydrangea amafuna, ndipo camellia ndi m'bale weniweni wa tiyi, wa banja limodzi. Kumalo ena anthu amavutika kusintha dothi kuti mbewu zimenezi zikule, pamene kwa munthu wa ku Makwasa kapena wa kufupi ndi Mimosa zimangofuna mthunzi wa masana, manyowa a masamba owola ndi madzi. Azalea amatsegula nyengoyi mu Ogasiti ndi mu Seputembala, ndipo hydrangea amaitseka chakumapeto kwa Novembala mpaka nyengo ya Khirisimasi. Hydrangea amaonetsanso mtundu wa dothi lanu popanda kupita kukaliyezetsa: m'dothi la asidi maluwa ake amakhala a buluu, ndipo m'dothi lothiridwa laimu kapena phulusa lambiri amasanduka apinki. Choncho amene akufuna buluu asatayire phulusa la kukhitchini patsinde pake, ndiponso asathirire ndi madzi a sopo wochapira, amene bougainvillea ndi canna amawapirira koma azalea amachita nawo chikasu. Dziwani kuti gulu limeneli silipirira ludzu ngati zitsamba zina zija. Hydrangea amalefuka tsiku limodzi lokha la dzuwa lamphamvu, ndipo sindingamulangize kwa munthu wa m'chigwa cha Thuchila.

Rozi ndimuika payekha, chifukwa ndi amene aliyense amamufuna ndiponso ndi amene amakhumudwitsa anthu ambiri. Akadulidwa bwino mu Julayi, n'kupatsidwa manyowa okhwima ndi madzi okwanira kawiri pa sabata, amapereka maluwa ake abwino kwambiri mu Seputembala ndi mu Okutobala, mpweya ukadali wouma. Mvula ikayamba masamba ake amagwidwa ndi madontho akuda n'kuyoyoka, ndipo matendawa amakula kwambiri kumalo a mvula yambiri ndi nkhungu. Nsabwe zimaunjikana pa mphukira zake, mbuzi zimamukonda ngakhale ali ndi minga, ndipo chiswe chimamudya m'tsinde akafooka ndi ludzu. Rozi wakale wa m'midzi, woyanga wa maluwa ang'onoang'ono apinki kapena ofiira amene amagwira kuchokera ku nthambi, amapirira kuposa wa maluwa aakulu wogula ku nazale. Maganizo anga ndi akuti mitengo iwiri kapena itatu ya rozi yosamalidwa bwino pafupi ndi khomo la nyumba ndi yokwanira, ndipo mzere wa khumi ndi wa munthu amene ali ndi wantchito wa kumunda.

Zitsamba zonsezi zimafuna kudikira. Nthambi yozikidwa chaka chino imayamba kuonetsa mphamvu zake chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo munthu amene angasamuke mawa akhoza kusiyira ena thukuta lake. Zimafunanso mpeni, chifukwa bougainvillea wosadulira amakwera padenga, amatsekereza ngalande za malata, ndipo amapereka pobisalira njoka. Pali chitsamba chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachilandire ngakhale chaulere: lantana, wa timaluwa tosakanikirana tachikasu ndi tapinki, amene mbalame zimafalitsa njere zake mpaka amadzaza m'mphepete mwa minda ndi m'nkhalango, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Mitengo ya maluwa ndi imene imakongoletsa mudzi wonse, koma ndi njira yovuta kuilangiza m'maboma amene malo ndi ochepa chonchi, kumene mabanja ambiri amalima kamunda kopanikizika pakati pa esiteti ndi msewu. Jakaranda, amene kwawo ndi ku South America, amatha kutenga zaka zisanu ndi ziwiri kapena kupitirira asanachite maluwa akabzalidwa kuchokera ku njere. Flamboyant wa ku Madagascar, amene amayaka mofiira mu Novembala jakaranda atangomaliza, amatambasula nthambi zake kutali ndipo mizu yake imayenda pamwamba, n'kumang'amba simenti ya khonde ndi maziko a nyumba. Yonse iwiri iyenera kutalikirana ndi nyumba, chimbudzi kapena mawaya a magetsi ndi mamita osachepera 10, ndipo aliyense amene anaona mphepo yoyamba ya dzinja ikusasula madenga, kapena amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'maboma ano mu Malichi 2023, amamvetsa chifukwa chake. Mitengo imeneyi malo ake ndi pabwalo la sukulu, la tchalitchi, la mzikiti kapena la mfumu. Pakhomo laling'ono ndingasankhe mtengo wa zipatso umene maluwa ake amakondweretsanso: ndimu kapena lalanje, amene fungo la maluwa ake limadzaza bwalo lonse madzulo, kapena pichesi kumadera ozizira, amene amavala pinki nthambi zili zopanda tsamba. Pamenepo mthunzi, duwa, njuchi ndi chipatso zimachokera pa dzenje limodzi.

Kwa okhala m'nyumba za lendi pa Mulanje boma, pa Thyolo boma, pa Luchenza kapena m'nyumba za pa esiteti, yankho ndi zitini, zidebe zothyoka, mabigiri odula pakati ndi miphika yadothi yong'aluka. Geranium amakonda dzuwa ndipo amapirira mukaiwala kumuthirira, begonia ndi impatiens amafuna khonde la mthunzi, ndipo amaryllis amachita maluwa bwino kwambiri akapanikizika m'chitini. Zonsezi zimakwera nawo galimoto tsiku losamuka, ndipo zikhoza kukwezedwa pamwamba pamene nkhuku sizifika. Dothi la m'chitini limauma msanga kuposa la pansi, makamaka chitini chikakhala chachitsulo pa dzuwa, koma kapu imodzi kapena awiri a madzi patsiku amakwanira, ndipo madzi otsukira mpunga kapena ndiwo sapita pachabe. Boolani pansi pa chidebe chilichonse kuti madzi azituluka, sakanizani katondo ndi mchenga ndi manyowa kuti asaume ngati njerwa, ndipo musasiye madzi atadikha m'mbale ya pansi pake kapena m'tayala lakale, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi otere pasanathe masabata awiri, ndipo malungo m'maboma ano si nkhani yachilendo.

Ndikaika njira zonsezi pamodzi, munthu wa malo akeake amene madzi ndi ovuta ndingamuuze kuti ayambe ndi mpanda wa bougainvillea kapena hibiscus, aike mzere wa agapanthus pamene dothi limatsetsereka, amaryllis m'mbali mwa khonde, ndipo njere azifese m'kabedi kamodzi kokha chaka chimene mvula inagwa bwino. Wa kumtunda wokhala pafupi ndi kasupe akhoza kuwonjezera hydrangea, azalea ndi rozi popanda mantha. Onse awiri apindula ndi kuphimbira: udzu wouma, masamba a nthochi kapena makoko a nandolo oyalidwa pamwamba pa dothi amachedwetsa kuuma kwake, bola pasiyidwe mpata wa zala zinayi kuzungulira tsinde kuti chiswe chisapeze mlatho. Apindulanso akamathirira madzulo kapena m'mamawa, mozama koma mwa patalipatali, m'malo mowaza pamwamba tsiku lililonse, chifukwa kuwaza kumaitanira mizu kumtunda kumene dzuwa limaipsereza.

Chinthu chomaliza chimene chimasokoneza ambiri ndi mvula ya chizimalupsa, imene imagwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Fungo la dothi lonyowa limakopa munthu kutulutsa mbande zonse m'machubu n'kuziwokera tsiku lomwelo, koma kawirikawiri pambuyo pake pamabwera masabata awiri kapena atatu a dzuwa loopsa kuposa loyamba lija, ndipo mbande zanthete zimapserera. Mvula imeneyo igwiritsidwe ntchito pokumba mayenje, dothi likadali lofewa, ndi kuthiramo manyowa kuti ayambe kusakanikirana. Mbande za zitsamba ndi za mitengo zidikire pamthunzi mpaka mvula yobzalira chimanga itakhazikika, ndipo ziwokeredwe madzulo a tsiku la mitambo. Anyezi ndi mizu yogawana ndi anansi ikumbidwe maluwa ake atangotha, osati ali mkati, ndipo pamene amaryllis wabzalidwa muzikepo kamtengo kapena kuikapo mwala, kuti wolambula pabwalo mu Juni, masamba atauma, asadule anyeziwo ndi khasu.